Fulashi ya m'Kandowa ka a Reino

Zinayamba m'nyengo yozizira ya chaka cha 2011, Loweruka pa 15 Januwale, chipale chofewa chitakwirira magalimoto mpaka m'mawindo m'misewu ya ku Thunder Bay. Tsiku limenelo a Reino Haapala anatsika masitepe a kuchipinda chapansi pa tchalitchi atanyamula kandowa ka matabwa, kaja kotungira madzi m'bafa ya nthunzi, n'kukakhazika pakati pa tebulo osapatsa munthu moni.

Anali ndi zaka 63. Anagwira ntchito ya zamagetsi pafakitale ya mapepala kwa zaka 38, ndipo atapuma mu Juni 2010, akazi awo, mayi Aili, anangokhala nawo miyezi inayi n'kumwalira pa 9 Okutobala. M'nyumba munatsala iwo ndi wotchi ya pakhoma. Mwana wawo wa ku Sudbury ndiye anawauza pafoni za kagulu ka Loweruka: anthu asanu ndi mmodzi, ambiri opuma pantchito, amene ankalandira makompyuta akale otayidwa ndi maofesi, kuwafufuta zonse, kuwaikira pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta, n'kuwapereka kwa aliyense wosowa.

Wapampando wa kaguluko, mayi Doreen Tuckwell, amene kale anali mphunzitsi, anayang'ana kandowa, n'kuyang'ana mlendo.

"Kandowako n'ka chiyani, bambo? Ife tasamba kale kunyumba."

"Ndamva kuti mukadali pa zimbale," anayankha a Reino akukutumula chipale pa chipewa. "Timakompyuta tikubwera masiku anoti tilibe ndi polowetsa chimbale pomwe. Muzilowetsa m'mphuno?"

Ndiwo unali moni wawo, ndipo pa zaka zonse zimene anakhala pamenepo sanaufewetseko.

Kompyuta ikafufutidwa zonse imasanduka bokosi chabe. Ukaiyatsa imangokuyang'ana, siidziwa poyambira. Pamafunika kanthu koidzutsira kuchokera kunja, kosenza pulogalamu yonse yoti ilowe m'kati, ndipo kanthu kameneko a Reino ankakapanga ndi fulashi. Mafulashi anthu anali nawo mbwee m'madirowa, opatsidwa kumisonkhano ndi m'maofesi, ena osadziwika ndi kumene anachokera.

"Amene ali ndi fulashi yoti sakuifuna aponye umu," anatero a Reino. "Koma mumve bwino, sindidzabwerezanso. Zili m'kandowa n'zakufa. Ndikatolamo sindifunsa mwini wake, ndipo zimene zinalimo sizidzabweranso."

Kapangidwe kawo kanali kamodzi, sanakasinthepo. Ankakopera fayilo yaikulu ya pulogalamuyo pa intaneti, kenako n'kuyerekeza nambala yake yaitali yotsimikizira ndi imene eni pulogalamu analengeza, chala chili pa sikirini, kuopa kuti fayiloyo yafika yolumala. Akatero ankazula chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta, kusiya fulashi yokha, n'kutsegula sikirini yakuda yopanda zithunzi, n'kutayipa lamulo la mzere umodzi ndi zala ziwiri. Lamulolo linalibe chisoni. Silinkafunsa kuti kodi mwatsimikiza. Linkangoyamba kuthira pulogalamu pamwamba pa zonse zimene zinali m'fulashimo, kuyambira pakhomo kupita m'kati. Zikatha, a Reino ankatulutsa m'thumba kabotolo ka utoto wofiira wa zikhadabo, kotsala ka malemu mayi Aili, n'kudontheza kadontho pa fulashiyo. Utotowo ukayamba kulimba ankausungunula, osagula wina. Fulashi ya kadontho ankaikoloweka pa kaunyolo kokolowekera nsomba kamene ankavala m'khosi, ndipo akamayenda m'chipindamo ankamveka asanafike.

Pa 2 Epulo chaka chomwecho mayi Doreen anawapatsa kiyi wa chitseko cha pansipo, chifukwa Loweruka lililonse ankawapeza ataima panja kuyambira 8 koloko, masharubu ataundana. Kiyi ameneyu ndiye anadzakhala moyo wawo. Ankatsegula, kuyatsa chotenthetsera, kuphika khofi wowawa moti ena ankamuthira madzi mobisa. Lachitatu ankabweranso okha kudzakulunga mawaya amene palibe anawapempha kuti akulunge. Kunyumba ankangopita kukagona.

Koma kukhala nawo pafupi kunali kupirira. Munthu akafunsa funso limene anafunsapo kale, a Reino ankamuuza tsiku limene anafunsa koyamba. Wina akabweretsa madonasi, iwo ankatulutsa buledi wawo wakuda ndi nsomba yowamba, fungo n'kudzaza chipinda chonse mpaka kukwera kutchalitchi. Mu Meyi 2013 anathamangitsa munthu wina wongodzipereka chifukwa chozula fulashi isanamalize kulembedwa. Anamuuza kuti manja ake ndi oyenera fosholo. Munthuyo sanabwerenso, ndipo a Reino sanafunse n'komwe.

Panali chinthu chimodzi chimene a Reino sankachita, ndipo sankanena chifukwa chake. Sankatsegula fulashi ya m'kandowa kuti aone zimene zilimo asanaifufute. Anachitapo kamodzi kokha, pa 12 Malichi 2011. Mnansi wawo wa kutsidya kwa msewu, atamva za kandowa, anawapatsa mafulashi odzaza dzanja, ndipo a Reino, pofuna kusamala, anatsegula imodzi. Anapezamo makalata a dokotala. Mnansiyo anali ndi khansa yofalikira kale, ndipo m'kalata ina anapempha kuti akazi ake asauzidwe. Kwa miyezi isanu ndi iwiri a Reino ankapatsana moni ndi mayiyo pa mpanda, akuwamva akukonza za ulendo wa chaka chamawa, iwo akudziwa kuti ulendowo kulibe. Sanamuuze munthu. Kuulula chifukwa kukanakhala kutsegulanso kalata ija pamaso pa anthu. Chichokereni tsiku limenelo, maso awo sanalowenso m'fulashi ya mwini.

Pa 10 Seputembala 2016 kunabwera a Gaetan Thibodeau, a zaka 55, ochokera ku Hearst, amene ankakonza makompyuta m'masukulu. Anali munthu wa nthabwala, wa mawu okwera, wopatsa moni aliyense kawiri. Tsiku loyambalo anaima kumbuyo kwa a Reino kuonerera sikirini yakuda ija, manja ali m'thumba.

"Madala, zimenezi tinasiya kalekale. Pali kapulogalamu, mabatani atatu basi. Sankhani fayilo, sankhani fulashi, dinani. Ngakhale mphaka wanga akhoza."

"Ndiye bwanji simunabwere ndi mphakayo, inu n'kutsala?"

Anthu anaseka, a Gaetan nawonso anaseka, koma a Reino sanaseke. Kuyambira pamenepo a Reino anawapatsa dzina loti a Dinani-Apa, ndipo a Gaetan ankawabwezera ndi loti agogo a mumdima. A Gaetan anabwera ndi kamakina kosindikiza timapepala tomata, n'kumata dzina ndi tsiku pa fulashi iliyonse. A Reino ankatimatula ndi chikhadabo n'kutimata pa kapu ya a Gaetan. A Gaetan anayamba kubwera ndi khofi wawo m'botolo, n'kumanena mokweza kuti dokotala anawaletsa kumwa phula. Tebulo linali limodzi, koma pakati pake panali ngati pali mpanda.

Mkangano weniweni unali wa kandowa. Pa 4 Febuluwale 2017 a Gaetan anaubweretsa ku komiti.

"Masekondi khumi okha, anthuni. Kulowetsa, kutsegula, kuona ngati muli kanthu ka munthu. Tsiku lina tidzafufuta zithunzi za ukwati wa wina."

"Amene amaponya ukwati wake m'ndowa, ukwatiwo unatha kale," anatero a Reino.

"Anthu amalakwitsa, madala."

"Inu mumalakwitsa. Ine sindiwerenga makalata a eni ake. Mukufuna miseche, pitani kometetsa tsitsi."

Anaponya mavoti. Anayi anali kumbali ya a Reino, atatu kwa a Gaetan. Anayiwo sanavote chifukwa chowakonda, koma chifukwa mafulashi a kadontho kofiira anali asanakanepo kudzutsa kompyuta. A Gaetan anatsonya, n'kunena kuti adikira.

Anadikira mpaka Loweruka pa 20 Okutobala 2018. M'mawa umenewo kunafika mayi Lesia Boychuk, a zaka 74, atakumbatira laputopu yokulungidwa m'thaulo. Amuna awo, a Myron, amene ankaimba akodiyoni m'maukwati kwa zaka makumi anayi, anali atamwalira chaka chathacho. Laputopuyo inali itayamba kuchedwa ngati yodwala, ndipo anafuna kuti ifufutidwe, iikidwe pulogalamu yatsopano. Anawalandira ndi a Gaetan. Mayiwo anatulutsa m'chikwama fulashi yakuda yopanda chizindikiro n'kuwapatsa m'manja.

"Mukamaliza mundiikiremo izi. Ndi nyimbo za bambo a kunyumba, zilipo 43. Mwana wanga anazichotsa m'makaseti. Makasetiwo ndinataya posamuka, malo kulibe kumene ndiliku."

A Reino sanamve zimenezi. Anali kumapeto kwa tebulo, akulimbana ndi chotenthetsera. Pa hafu pasiti teni wina anagubuduza kapu, khofi n'kuyenderera pa tebulo kulunjika ku laputopu ya mayi Lesia. A Gaetan anathamanga, kunyamula laputopu, kukokolola tinthu tonse tinali pafupi, kutiponya pouma, n'kuyamba kupukuta. Pouma pamene panali pafupi panali m'kandowa.

Tebulo litauma, laputopu inafika kwa a Reino. Anachotsa fulashi pa kaunyolo, kuilowetsa, kuyatsa. Laputopu inangoti zii. Anayesanso. Fulashiyo inali itatha mphamvu, monga zimathera zonse.

"Iii, mdima wakana lero?" anafuula a Gaetan ali kusinki. "Ndikubwerekeni mphaka?"

Mafulashi ena a pa kaunyolo anali ndi pulogalamu yakale, choncho a Reino anafunika kupanga yatsopano. Anapisa dzanja m'kandowa osayang'ana, monga ankachitira nthawi zonse, n'kutola yoyamba kukhudza chala. Anayerekeza nambala, anazula mawaya, anatayipa mzere wawo. Patapita mphindi zisanu ndi imodzi anadontheza kadontho kofiira, n'kupemerera kuti kaume. Laputopu inadzuka nthawi yomweyo. Pofika 12 koloko inali itavala pulogalamu yatsopano, ikuthamanga ngati yogula dzulo.

Mayi Lesia anawomba m'manja pang'ono.

"Zikomo, bambo. Tsopano nyimbo zija."

"Nyimbo zanji?"

"Zili m'fulashi ndinapatsa bambo awo."

A Gaetan anapisa m'thumba la malaya, kenako la thalauza. Anayang'ana pansi pa tebulo. Kenako nkhope inawagwa, maso awo n'kupita ku kandowa. Anakhuthula zonse pa tebulo. Munali zobiriwira, zoyera, ina yooneka ngati kagalimoto. Yakuda munalibe. Mayi Lesia ndiwo anaiona, itabayidwa m'mbali mwa laputopu yawo yomwe, utoto wofiira ukunyezimira.

"Si imeneyo? Nanga mwaipakiranji utoto?"

A Gaetan anatembenukira kwa a Reino.

"Munaitola m'kandowa?" anafunsa a Gaetan ndi mawu otsika.

"Munaiponyamo ndinu?"

"Ndinangoiika kuti ndipukute tebulo! Masekondi khumi, madala! Ndinanena ine! Mukanangotsegula mukanaona dzina la munthu!"

"Zaka ziwiri wakhala pano, iwe, sukudziwa kuti kandowa aka n'ka chiyani? Tebulo lonseli, mashelefu onsewa, thumba lako lomwe, iwe n'kusankha manda?"

Aka kanali koyamba kuti a Reino atchule munthu wamkulu kuti iwe pamalopo. A Gaetan anabweza chimodzimodzi.

"Wapha nyimbo za munthu chifukwa cha mwano wako, nkhalamba iwe! Ukuona ngati chipinda chino n'chako chifukwa chakuti kwanu kulibe wokuyankhula?"

Mayi Doreen analowa pakati, manja ali m'mwamba ngati m'kalasi. Mayi Lesia anali asanamvetse. Anafunsa kawiri kuti ndiye nyimbozo zapita kuti, ndipo palibe anafuna kukhala woyankha. Pomaliza a Reino anati:

"Ndalembapo zina pamwamba, mayi."

Mayiwo anakhala pansi pang'onopang'ono, thaulo lili pamiyendo. Sanalire. Anayang'ana a Reino kuyambira ku kaunyolo mpaka ku nsapato.

"Munthu anaimba zaka makumi anayi. Inu mwatenga mphindi zingati?"

"Zisanu ndi imodzi," anayankha a Reino, chifukwa bodza sankalidziwa, ndipo yankholo linawaipitsa kuposa kukhala chete.

Anazimitsa laputopu, n'kuzula fulashiyo mosamala. Anafotokoza kuti pulogalamu inadya gawo limodzi mwa magawo anayi, la kumayambiriro, pamodzi ndi mndandanda wosonyeza kuti nyimbo iliyonse ili pati. Zakumapeto mwina zinali zikadalimo, zopanda mayina. Anapempha kuti apite nayo kunyumba. Mayi Lesia anati bola aiponye m'nyanja kusiyana n'kuibwezera m'manja omwewo. Mayi Doreen anawanyengerera kwa theka la ola, ndipo pomaliza anavomera, osayang'ana a Reino.

Komiti inakumana Lachiwiri pa 6 Novembala, 2 koloko masana. A Gaetan anavomera kuti anaponya fulashi m'kandowa, anapepesa, anagwetsako ndi misozi, ndipo anthu anawamvera chisoni. Kenako anabweretsanso mfundo yawo ija: fulashi iliyonse ya m'kandowa izitsegulidwa ndi kuonedwa isanafufutidwe, ndipo woiona akhale yemwe akuifufutayo. Wokana abweze kiyi.

"A Reino, tangotiuzani chifukwa," anatero mayi Doreen. "Zaka zonsezi mumangoti simuwerenga makalata a eni. Chinachitika n'chiyani?"

A Reino anayang'ana khoma. Mkazi wa mnansi uja anali akadali moyo, ndipo ankaimba kwaya m'tchalitchi cha pamwamba pawo pomwepo.

"Palibe chinachitika."

"Ndiye ndi liuma chabe," anatero a Gaetan.

"Litchuleni mmene mukufunira. Woponya chamoyo m'manda mwamukhululukira, mlandu mwaupatsa wofotsera."

Mavoti anali asanu ndi limodzi kwa limodzi. Anagwirizana kuti lamulolo lidzayamba Loweruka loyamba lotsegulira chaka chatsopano. Potuluka palibe anayenda nawo limodzi kukwera masitepe.

Masabata asanu ndi limodzi, kuchokera tsiku la ngozi lija, a Reino ankakhala pa tebulo la kukhitchini kwawo m'mawa uliwonse. Fulashi ya mayi Lesia anaikopera yonse pa hadidisiki ina, chosungira mafayilo chachikulu, kuti asaikhudzenso, n'kuyamba kufukula m'zotsalazo. Mafayilo ankatuluka opanda mayina, manambala okhaokha, ena athunthu, ena oduka pakati, ena phokoso chabe. Njira yodziwira inali imodzi: kumvera. Munthu amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri anakana kusuzumira m'zinthu za eni ake anavala zomvera m'makutu n'kulowa m'maukwati a anthu osawadziwa. Anamva akodiyoni, nsapato zikugunda pansi, wina akufuula kuti abwereze.

Pa 22 Novembala anatsegula fayilo yakhumi ndi chinayi. A Myron ankayeserera nyimbo m'khitchini, mbale zikulira kumbuyo. Kenako panamveka mawu a mkazi, akuthwa, otopa.

"Myron, ndatopa nalo phokoso lakoli. Zaka zonsezi maukwati a eni, wako uli kuti? Tsiku udzafe, chinthu chimenecho ndidzachitaya maliro asanatuluke."

Akodiyoni inaleka. Panapita nthawi kaseti ikuzungulira chabe. Kenako mwamunayo anayambiranso nyimbo yomweyo, motsitsa kwambiri, mpaka kumapeto.

A Reino anavula zomvera zija. Anaganiza zoichotsa fayiloyo. Chala chinafika pa batani. Koma kuichotsa kukanakhala kumusankhira munthu zoti azikumbukira, ndipo anali atamufufutira kale zokwanira. Anaisiya.

Nyimbo zimene zinapulumuka zinali 19. Anaziika pa fulashi yatsopano yopanda kadontho, ndipo Loweruka pa 1 Disembala mayi Lesia anabwera kudzatenga. Anakana kutsika. A Reino anakwera kukawapeza pamwamba pa masitepe, pakhomo pozizira.

"Zilipo 19, mayi. Zitatu n'zoduka."

"Mwa 43."

"Eya."

"Mwadziwa bwanji kuti n'zoduka?"

"Ndinamvera."

Mayiwo anafumbata fulashi m'golovesi. Maso awo anachepa.

"Zonse?"

"Zonse."

"Ndi ija ya kukhitchini ilipo?"

A Reino anagwedeza mutu kuvomera.

"Mwana wanga sanaimvere n'komwe, anangokopera. Padziko lonse tinaidziwa awiri, ndipo mmodzi ali m'manda." Anawayang'anitsitsa mwaukali. "Poyamba munandifufutira mwamuna. Tsopano mwalowa m'khitchini mwanga osaodira. Mukudikira zikomo?"

"Ayi."

"Mwachita bwino. Tikakumana m'sitolo, musandipatse moni."

Anatembenuka n'kumapita, akuponda mosamala pa chipale. A Reino atatsika, a Gaetan anafunsa mokweza ngati mayiwo asangalala.

"Kafunseni mphaka wanu," anatero a Reino.

Kagulu kanatseka pa 15 Disembala chifukwa cha Khirisimasi, n'kutsegulanso pa 12 Januwale. A Reino anafika 8 koloko monga mwa masiku onse. Anatsegula, anayatsa chotenthetsera, anaphika khofi wawo wowawa. Ena atafika anapeza mawaya onse atakulungidwa. Pa tebulo panali makompyuta anayi ochokera ku ofesi ina, ndipo pulogalamu inali itatuluka yatsopano, choncho pankafunika fulashi yatsopano. Aliyense ankadziwa zimenezo, ndipo aliyense ankanamizira kutanganidwa.

A Gaetan ndiwo anapisa m'kandowa. Anatola yobiriwira n'kuiika patsogolo pa a Reino.

"Chaka chabwino, madala. Masekondi khumi. Ndikuwerengerani."

A Reino anakopera fayilo. Anayerekeza nambala yaitali ija, chala pa sikirini, osafulumira. Anazula mawaya. Analowetsa fulashi yobiriwirayo, n'kutsegula sikirini yawo yakuda.

"Mwadumpha," anatero a Gaetan. "Tsegulani kaye muone."

"A Reino," anatero mayi Doreen chapansipansi, "ndi kungoyang'ana chabe. Mwina mulibe kanthu."

"Mukakhala kuti muli kanthu?"

"Ndiye tiibweza kwa mwini wake."

"Nanga zimene ndaonazo ndizibweza kwa ndani?"

Palibe anamvetsa funsolo. A Gaetan anayang'ana wotchi ya pamkono monyazitsa.

"Asanu. Asanu ndi limodzi. Agogo, maso akuvuta? Ndikubwerekeni magalasi?"

A Reino anazula fulashiyo isanalembedwe kalikonse, n'kuikankhira kwa a Gaetan ndi chala chimodzi. Anavula kaunyolo m'khosi, anachotsapo mafulashi onse asanu ndi anayi a kadontho kofiira, n'kuwandandalika pa tebulo.

"Awa amadzutsa. Musawamate timapepala tanu."

Kabotolo ka utoto anakabwezera m'thumba la pamtima. Anavala jekete, anamanga mpango, anavala chipewa. Kenako anatulutsa kiyi, kumuvula pa mphete ya makiyi a kunyumba, zimene zinatenga nthawi chifukwa zala zinali zitauma, n'kumuponya m'kandowa. Kiyiyo anachita phokoso pogwera pa mafulashi a eni ake.

"Musatero, a Reino," anatero mayi Doreen. "Mupita kuti?"

"Kuli wotchi ikundidikira."

"Kandowa kanu mwaiwala," anatero a Gaetan. Mawu awo anali atatsikako, koma sanadzuke pampando.

A Reino anaima pa sitepe yoyamba, osacheuka.

"Lamulo lake mukulidziwa. Zili m'menemo n'zakufa."

Anakwera masitepe khumi ndi atatu aja, kaunyolo kopanda kanthu kali m'dzanja, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamveke poyenda. Sanatsikenso kuchipindako, ngakhale kudzatenga kapu yawo. Linali Loweruka, pa 12 Januwale 2019, nthawi ili 20 minitsi pasiti teni m'mawa, kutatsala masiku atatu kuti zikwane zaka zisanu ndi zitatu.